Apozi Mmodzi, Eni Ake Atatu

Kalekale, kumapiri kuja kumene chisanu chimaluma makutu, kunali mudzi wina pakati pa zitunda ziwiri. Anthu ake ankalima mbatata ya kachewere, ankalima nyemba, ankalima matimati m'madimba. Zipatso zawo zinali mapichesi ndi masuku, basi. Apozi ankangomumva m'nkhani za anthu obwera kuchokera kutauni.

M'mudzimo munali mkamwini wina, dzina lake Lufeyo. Anachokera kuseri kwa phiri kudzakwatira Nangozo, ndipo monga mwa mwambo anamanga nyumba kwawo kwa mkaziyo. Munda unali wa kuchikazi. Bwalo linali la kuchikazi. Ngakhale mthunzi umene ankapumirapo unali wa kuchikazi. Chake chenicheni chinali bulangeti limodzi limene anabwera nalo pa phewa.

Lufeyo sanali waulesi, sanali wandewu, sanali woledzera. Vuto lake linali pakamwa. Pakamwa pake panali potsekemera kuposa nzimbe. Munthu akamuthandiza pang'ono, iye ankalonjeza zambiri, ndipo akamalonjeza mtima wake unkakhulupirira ndithu kuti adzachita.

Tsiku lina anapita kumsika wa kumsewu ndi nkhunda zake kuti akagulitse. Kumeneko anapeza mkulu wina atakhala pakati pa timitengo tating'ono.

"Timitengo tanji timeneti, bambo?" anafunsa Lufeyo.

"Maapozi omezanitsa," anayankha mkuluyo. "Awa amachedwa, koma akayamba kubereka nthambi zimachita kuthyoka. Awa ndi apakatikati. Koma aka n'kofulumira. Dzinja likadutsa kawiri kayamba kubereka, ndipo zipatso zake zimapsa mapichesi akadali obiriwira."

"Ndipatseni kofulumirako," anatero Lufeyo. "Ine ndine mkamwini. Ochedwawo angadzadye mnzanga wobwera pambuyo panga."

Mkuluyo anaseka, natenga nkhunda, napereka kamtengo. Kenaka anamulangiza: "Ukakumbe dzenje lofika m'bondo, uthiremo manyowa. Pamene ndinamezanitsapa pasakwiririke ndi dothi. Nthambi zikatalika uzizimangirira miyala kuti zigone chopingasa, chifukwa nthambi yoloza kumwamba imangobereka masamba. Chisanu chikafika uyoyole masamba onse kuti mtengo upume. Ndipo madzi, mwana wanga. Madzi, madzi, madzi."

Lufeyo anafika kunyumba atakumbatira kamtengo ngati khanda. Atakaika pansi ndi pamene anakumbukira kuti analibe malo, analibe manyowa, analibe mpanda.

Anayamba ndi malo. Kuseri kwa nyumba kunali dothi labwino, koma kumeneko apongozi ake, a Namoyo, ankabzalako maungu. Tsono mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Choncho Lufeyo anakagwada mbali iyi ya nkhokwe, a Namoyo anakhala mbali inayo, nkhokwe ili pakati.

"Amayi, ndabwera kudzapempha kamalo kakuseri kaja. Ndikufuna kubzalapo apozi."

"Nanga maungu anga apite kuti, bambo?" anafunsa a Namoyo.

Lufeyo anaganiza pang'ono, pakamwa n'kutseguka pokha. "Amayi, apozi woyamba kupsa adzakhala wanu. Ndidzabwera naye m'mbale yovundikira. Koma nkhaniyi ikhale ya ife awiri."

"Chabwino, bzalani."

Anapita kwa a Kachingwe, malume ake a Nangozo, amene anali mwini mbumba. A Kachingwe anali ndi ng'ombe, ndipo anali ouma manja kwambiri moti ndowe za m'khola mwawo ankazidziwa ngati ana awo.

"Manyowa anga ndi a mbatata," anatero a Kachingwe. "Mtengo wakowo udzandipatsa chiyani?"

"Malume, apozi woyamba kupsa adzakhala wanu. Munthu wamkulu ngati inu angadye pambuyo pa ndani? Koma nkhaniyi ikhale ya ife awiri."

A Kachingwe anasisita ndevu. "Katape. Koma dengu lisasefukire."

Pomaliza anapita kwa mlamu wake Kefasi, mchimwene wake wa Nangozo, amene anali ndi nsungwi kumtsinje. Awiriwa ankakonda kuserewulana.

"Alamu, mukufuna kumangira mpanda kandodo kameneka?" anaseka Kefasi. "Mbuzi zikakaona zikamvera chisoni, sizidya ayi."

"Sekani lero, alamu. Koma mukandipatsa nsungwi, apozi woyamba kupsa adzakhala wanu. Nkhaniyi ikhale ya ife awiri."

"Dulani, alamu, dulani. Ine mano ndayamba kale kunola."

Madzulo ake Nangozo, amene ankaona mwamuna wake akuzungulira mudzi, anamufunsa. "Abambo, apozi woyamba mwalonjeza anthu angati?"

"Atatu okha."

"Woyamba amakhala angati?"

"Iwe Nangozo, usadere nkhawa. Mtengo ukabereka, zipatso zidzachita kulendewera. Ndidzathyola atatu tsiku limodzi, aliyense ndidzamuuza kuti wake ndiye woyamba. Kodi apozi ali ndi pakamwa poti aulule?"

"Nanga ine?"

"Iwe ndiwe wapakhomo. Udzadya otsala."

Nangozo anangomuyang'ana, natenga ndowa.

Chitsime cha mudziwo chinali kumunsi m'chigwa, ndipo njira yake inali yotsetsereka popita, yokwera pobwera. M'chilimwe monse Nangozo ankatsika ndi ndowa yopanda kanthu, n'kukwera nayo yodzaza. Ankatunga madzi akumwa, ankatunga osamba, ankatunga a mtengo. Lufeyo naye sankangokhala. Ankapalira, ankayalika udzu patsinde, ankathyola mphukira za m'munsi. Koma kutunga madzi, ankati, ndi ntchito ya akazi.

Kamtengo kanakula. Nthambi zitatalika, Lufeyo anazimangirira miyala monga anauzidwira. Anthu odutsa ankasuzumira pampanda n'kumafuula kuti, "Bwerani mudzaone, mtengo wa Lufeyo wabereka kale! Wabereka miyala!"

Chisanu chitafika anayoyola masamba onse, mtengo n'kutsala mbuu ngati nkhuni. A Namoyo anaitana mwana wawo. "Nangozo, kawafunse amuna akowo. Ndinachotsa maungu anga kuti abzalepo chitsa?"

Lufeyo anapirira zonsezo. Dzinja linadutsa, lina linadutsanso. Ndipo chisanu cha chaka chimenecho chitatha, m'mawa wina anatuluka panja n'kupeza mtengo uli ndi maluwa oyera ofiirira m'mphepete, njuchi zili ng'ung'ung'u. Anavina yekha kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinathawa.

Koma mtengo unali ukadali wanthete. Mphepo ya kuphiri inaomba, maluwa ambiri anayoyoka. Tizipatso tina tinagwa tokha. Lufeyo atafufuza nthambi iliyonse, tsamba lililonse, anapeza kuti otsala ndi atatu.

"Nangozo! Tabwera udzaone! Atatu ndendende! Wa amayi, wa malume, wa alamu. Ukuona? Ngakhale mtengo ukugwirizana nane."

"Ndaona," anatero Nangozo, natula ndowa.

Kuyambira pamenepo Lufeyo sanathenso kukhala pansi. Akadzuka, kumtengo. Akachoka kumunda, kumtengo. Akamadya, maso kumtengo. Ndipo manja ake ankamuyabwa. M'mawa uliwonse ankagwira apozi wa m'munsi, n'kumusisita, n'kumufinya pang'ono kuti amve ngati wayamba kufewa. Anamufinya dzulo, anamufinya lero, anamufinya mawa lake. Tsiku lina akumutembenuza kuti aone kumbuyo kwake, anangomva thyo! Apozi ali m'manja, wobiriwira, wolimba ngati nthudza yaiwisi.

Lufeyo anayesa kumubwezera pa nthambi. Apozi anakana. Anamukwirira msangamsanga patsinde, napukuta manja.

"Awiri si ochepa," anadzitonthoza. "Alamu ndi munthu wanthabwala. Ndidzawauza nthabwala, adzaseka, adzaiwala."

Maapozi awiri aja anayamba kufiira m'masaya. Pamenepo pumbwa anawaona. Ankabwera m'mawa, n'kutera pampanda, n'kumapendeketsa mutu ngati munthu wosankha nsalu. Lufeyo anamuingitsa ndi manja, pumbwa anabweranso. Anamuopseza ndi chitini, pumbwa anabweranso. Ndiye anasema legeni, nabisala kuseri kwa mpanda. Pumbwa atatera pa nthambi, Lufeyo anatseka diso limodzi, nakoka, natulutsa lilime, nasiya.

Mwala unapita bwino kwambiri. Unaphonya mbalame, n'kumenya apozi pakati penipeni, phwa! Zidutswa zinamwazika kunja kwa mpanda, mbuzi n'kutola. Pumbwa anauluka, nakatera padenga, n'kumaimba.

Anatsala mmodzi. Ndipo wotsalayo sanali wobisika ayi. Anali pansonga penipeni, pamwamba pa mpanda, moyang'anana ndi njira imene mudzi wonse unkadutsa. Dzuwa linkamuomba m'mawa, linkamuomba masana, linkamuomba madzulo. Mapichesi a m'mudzi akadali obiriwira, iye anafiira psuu ngati khala lamoto.

Lufeyo, amene kale ankapempha kuti apozi apse msanga, tsopano ankaima pansi pake n'kumunong'oneza kuti, "Ukuthamangira kuti? Dikira pang'ono. Bwerera ukabiriwire."

A Kachingwe anadutsa, naima. "Lufeyo, wanga uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo, malume. Koma wangopsa kunja, m'kati akadali muwisi."

A Namoyo anatuma mawu kudzera mwa Nangozo, oti mbale yovundikira ija aitsuka kale. Lufeyo anabweza mawu oti apozi amafuna kuti akhwime kaye fungo.

Pofuna kuti anthu asiye kumuona, anatenga sokosi yake yakale n'kumuveka apoziyo. Kefasi podutsa anaseka mpaka kugwira mpanda. "Alamu, chaka chatha unabereka miyala, chaka chino wabereka sokosi! Mukathirira bwino, chaka chamawa tikolola nsapato. Vulani msanga, wanga uja angamanunkhe phazi."

Lufeyo anavula sokosi. Chakudya chinasiya kumukomera. Ankadziwa kuti akapatsa apongozi, malume akwiya. Akapatsa malume, apongozi akwiya. Akapatsa mlamu, onse awiri akwiya. Ndipo mkamwini wokwiyitsa eni mudzi ankadziwa njira yake: kupinda bulangeti, kukwera phiri, osacheuka.

Lachisanu madzulo Nangozo anatula ndowa, nati, "Abambo, mawa muli ndi alendo."

"Alendo ake ati?"

"Malume anandifunsa za apozi, ndinati abwere Loweruka. Achimwene anandifunsa, ndinati abwere Loweruka. Amayi anandifunsa, ndinati Loweruka."

"Onse tsiku limodzi?"

"Paja munati mudzathyola tsiku limodzi. Ndimati ndikupeputsireni ntchito."

Lufeyo anakhala pansi. Anaganiza zothawa. Anaganiza zodwala. Kenaka anaganiza chinthu chachitatu, ndipo nkhope yake inawala. M'mudzi monse munalibe munthu amene anagwirapo apozi m'manja. Chofiira ndi chofiira, chozungulira ndi chozungulira.

Kutangoyamba kucha anatsikira kumadimba. Dimba loyamba limene anafikira linali la apongozi ake. Anasankha matimati awiri aakulu, osalala, ofiira bwino. Anatenga ulusi wakuda m'kathumba ka Nangozo kosokera, nawamangirira pa nthambi pakati pa masamba. Anabwerera m'mbuyo, nayang'ana, nagwedeza mutu. Mtengo unali ndi zipatso zitatu, ndipo kunena zoona, matimati ndi amene ankaoneka bwino kuposa apozi.

Dzuwa litakwera pang'ono, a Kachingwe anatulukira atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Kefasi anatulukira akuimba mluzu. A Namoyo anafika mwakachetechete, nakakhala kuseri kwa nkhokwe ndi mbale yawo yovundikira. Anthu ena a m'mudzi, poona jekete tsiku losakhala Lamulungu, anatsatira n'kuima m'mbali mwa mpanda.

Atapatsana moni, a Kachingwe anati, "Ndabwera kudzatenga apozi wanga woyamba uja."

"Wanu, malume?" anadabwa Kefasi. "Woyamba ndi wanga. Alamu anandilonjeza pa nsungwi."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. "Ine ndimayesa ndi wanga," anatero a Namoyo. "Kapena maungu anga anafera chabe?"

Maso onse anatembenukira kwa Lufeyo.

Lufeyo anamwetulira. "Makolo anga, musavutike. Palibe amene ndinamunamiza. Taonani mumtengomo. Atatu! Onse apsa nthawi imodzi, palibe wotsogola, palibe wotsalira. Onse ndi oyamba."

"Dzana ndinaona mmodzi," anatero Kefasi.

"Enawo anali kuseri kwa masamba, alamu. Ndi amanyazi."

A Kachingwe, monga wamkulu, analowa mumpanda kuti ayambe kusankha. Anayang'ana apozi weniweni uja, naona kuti ndi wocheperapo. Anatambasula dzanja n'kugwira chipatso chachikulu koposa. Anakoka. Chipatso chinabwera, ulusi ukutsatira pambuyo.

"Kodi maapozi amakhala ndi ulusi?"

"Omezanitsa amatero, malume," anayankha Lufeyo, thukuta lili kamukamu.

A Kachingwe anagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale zimenezo. Anapukuta chipatso pa mkono wa jekete, anachikweza kuti anthu onse aone, natsegula pakamwa, naluma. Phwii! Madzi ndi njere zinathovokera pa ndevu, pa kolala, pa jekete yonse. Iwo anatafuna pang'onopang'ono. Kukomako ankakudziwa ndithu, koma ankaopa kuti akanena, anthu angati mkulu wonseyu sadziwa apozi.

"Mmm," anatero. "Ndi wofewa. Akufanana ndi chinachake."

Kefasi anali atathyola kale chachiwiri. Analuma, natafuna, nayang'ana kumwamba. "Alamu, apozi wanu ndi wabwino kwambiri. Akungosowa mchere, anyezi ndi tiusipa pang'ono."

Anthu a kumpanda anaphulika ndi phwete. Wina anagwa pansi, wina anagwira m'mimba, wina anathamanga kukaitana anzake.

"Kukuchitika chiyani uko?" anafunsa a Namoyo. "Nangozo, tabwera nacho kuno chimene akusekacho."

Nangozo anatenga chotsala cha Kefasi n'kupita nacho kuseri kwa nkhokwe. A Namoyo anachitembenuza, anachinunkhiza, nati, "Awa ndi matimati a m'dimba mwanga. A mzere wa kumtsinje. Amene ndimasungira mbewu."

Pamenepo a Kachingwe anayang'ana jekete yawo, nayang'ana anthu oseka, nayang'ana Lufeyo. Kenaka anakalipa.

"Iwe! Watidyera manyowa, watinamiza tonse atatu, waba m'dimba mwa apongozi ako, ndipo wandidyetsa ndiwo zosaphika pamaso pa mudzi wonse. Kapinde bulangeti lako. Dzuwa likamafika pamutu ukhale uli kuseri kwa phiri."

Kuseka kunatha. Lufeyo anatsegula pakamwa, koma tsiku limenelo munalibemo mawu. Analowa m'nyumba. Anayang'ana khoma limene anamata yekha, anayang'ana mphasa, anayang'ana kathumba ka ulusi ka mkazi wake. Mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa ngakhale ankanena nthabwala za mnzake wobwera pambuyo, Nangozo ankamukonda, ndipo sankafuna kupita kulikonse. Anapinda bulangeti, natuluka nalo kukhwapa, nakaima pafupi ndi mkazi wake.

"Nangozo," anatero motsitsa mawu, "chisanu chikafika uyoyole masamba. Miyala usachotse. Mphukira za m'munsi uzithyola, zingalande mphamvu."

Koma a Kachingwe ndi Kefasi sankamumvanso. Anali atatembenukira kwa apozi weniweni uja.

"Wotsalayu ndi wanga," anatero a Kachingwe. "Popanda manyowa anga, mtengowu ukanakhala chikwapu."

"Popanda nsungwi zanga, malume, ukanakhala m'mimba mwa mbuzi."

"Nanga waima pa dothi la yani?" anafuula a Namoyo kuseri kwa nkhokwe.

Anakangana, anakangana, anakangana. Ali mkati mokangana anangomva thyo! Atacheuka anaona Nangozo ataima pa mpando, apozi ali m'manja. Anatsika bwinobwino, nagwada monga mwaulemu, nati:

"Amayi, malume, achimwene, mundikhululukire, ndilankhuleko. Malo anaperekedwa tsiku limodzi. Manyowa anaperekedwa tsiku limodzi. Nsungwi zinadulidwa tsiku limodzi. Koma madzi ankabwera tsiku ndi tsiku, kuchokera kuchigwa, pamutu panga pano. Ine sanandilonjeze kanthu. Anati ndidzadya otsala. Tsono wotsala ndi ameneyu."

Kefasi anakanda m'mutu. A Kachingwe anayang'ana pansi.

Koma Nangozo sanalume. Anapita naye kwa mayi ake, namuika m'mbale yovundikira ija. A Namoyo anavundukula, natenga apozi, namuika pakamwa. M'kamwa mwawo munali mutatsala mano awiri, limodzi kumwamba, lina kumunsi, ndipo awiriwo sankakumana. Anayesa mbali iyi, apozi anaterereka. Anayesa mbali inayo, apozi anatererekanso.

"Kodi ndi chimenechi chimene ndadikira zaka zonsezi? Uwu si umodzi mwa miyala ija?"

Nangozo anaseka, natenga mpeni. Anadula apozi panayi. Fungo lake linafika mpaka kumpanda, anthu n'kuyamba kukoka mphuno. Chidutswa chimodzi anapatsa malume ake, china mchimwene wake, china anachipala ndi supuni n'kupatsa mayi ake, chotsala anatenga yekha.

Kefasi analuma, khrru! Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasowa nthabwala. A Namoyo ananyambita supuni kutsogolo ndi kumbuyo. A Kachingwe anatsinzina, madzi otsekemera akutsikira kukhosi, mkwiyo nawo ukutsika nawo limodzi. Atatsegula maso anaona Lufeyo ataima ndi bulangeti lake, akumeza malovu.

"Iwe, unkadziwa kuti chimakoma chonchi?"

"Ayi, malume. Ine sindinalawepo apozi chibadwire."

"Sunalawepo? Ndiye miyala yonse ija, kuvina konse kuja, bodza lonse lija, unkavutikira chinthu chosachidziwa?"

"Ndinkangomva kuti chimakoma, malume."

Kefasi anagwa chagada ndi kuseka. Ngakhale a Kachingwe anabisa pakamwa ndi dzanja.

Ndiye a Namoyo analankhula kuchokera kuseri kwa nkhokwe. "Achimwene, tamverani. Ine ndakalambira pamudzi pano, ndipo akamwini ndaona ambiri. Ena anasiya ana. Ena anasiya zigamba. Ena anasiya nsikidzi. Wobzala mtengo ndi yekhayu. Bodza lake ndi lalikulu, inde, koma mtengo wake si wabodza. Mukamupitikitsa lero, chaka chamawa tidzanyambita chiyani?"

A Kachingwe anasisita ndevu, njere ya matimati n'kugwa. "Chabwino. Akhale. Koma popeza analonjeza woyamba kwa anthu atatu, abwerere kwa mkulu wa kumsika uja akaphunzire kumezanitsa. Abzale mtengo pakhomo panga, wina pakhomo pa Kefasi, wina pakhomo pa mlongo wanga. Aliyense adzadye woyamba wa mtengo wake. Matimati a mbewu abweze. Jekete achape."

"Ndavomera, malume! Ndibzala osati itatu yokha, koma mudzi wonse, khomo lililonse, mpaka..."

"Itatu!" anakuwa anthu onse pamodzi.

"Nangozo," anatero a Kachingwe, "mwamuna ndi wako. Uli ndi mawu?"

"Ndili nawo ochepa, malume." Nangozo analowa m'nyumba, natuluka ndi ndowa, naiika pamapazi a mwamuna wake. "Mitengo ikhala inayi tsopano. Khosi langa ndi limodzi."

Lufeyo anayang'ana ndowa. "Koma ine ndilibe nkhata."

"Bulangetilo mwapinda kale. Lizungulizeni bwino, likwana."

Choncho tsiku lomwelo Lufeyo anatsikira kuchigwa, bulangeti pamutu, ndowa pamwamba pake. Amayi a kuchitsime anamulandira ndi nthungululu. Wina anamuphunzitsa kutunga, wina anamusenzetsa, wina anamuuza kuti asamayang'ane pansi. Pokwera chitunda, madzi anamutayikira kumsana, anamutayikira kumaso, anamutayikira m'makutu. Miyendo inanjenjemera, khosi linalowa m'mapewa. Pofika pamwamba, theka la madzi linali m'ndowa, theka linali pa iye. Anathira patsinde pa mtengo, nakhala pansi akupuma wefuwefu.

"Nangozo," anatero, "chitunda chimenechi chinali chotalika chonchi masiku onsewa?"

"Lero chafupikako. Dzuwa silikuwotcha."

Lufeyo anaweramitsa mutu. Manyazi amene anamugwira pamenepo anaposa a m'mawa aja.

Anthu onse anali atabalalika. Nangozo anakhala pambali pake, namasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake. M'menemo munali kachidutswa ka apozi, theka la gawo lake lija, katayamba kale kuda ndi mphepo.

"Eni," anatero.

Lufeyo anakalandira ndi manja awiri. Anakayang'ana, anakanunkhiza, anakaika pakamwa. Kanali kotsekemera, kowawasa pang'ono, kozizira ngati mame. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anatembenukira kwa mkazi wake, mtima utadzaza, pakamwa n'kutseguka pokha.

"Nangozo, ndikulonjeza, chaka chamawa maapozi onse, kuyambira woyamba mpaka..."

Nangozo anamutseka pakamwa ndi chikhatho.

"Tafunani basi, abambo."

Ndipo Lufeyo anatafuna.

Tsono inu amene mwakhala pano, nthanoyi ikutiuza ziwiri. Chinthu chimodzi musachilonjeze kwa anthu atatu, chifukwa tsiku lopereka lidzafika msanga kuposa mmene mukuganizira, ndipo bodza limene mudzamangirire pamenepo lidzaoneka ulusi wake. Chachiwiri, pogawa zokoma musayambire kutali n'kuiwala amene amakusenzerani madzi tsiku ndi tsiku.

Yanga yapsa, yagwa, ndaigawa. Amene watola chidutswa asunge njere. Nthano yathera pompa.